KAMERA IKACHOKA, MWANA AMATSALA NDI YANI?

Ambiri a ife tikamva mawu akuti filimu timaganiza za zija zoonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pamsika, momwe munthu mmodzi amagwetsa adani makumi awiri, magalimoto n'kumaphulika, ndege n'kumagwa. Mafilimu otere amadya ndalama zankhaninkhani ndipo ochita sewero ake ndi anthu otchuka okhala m'nyumba zamipanda. Komatu pali mtundu wina wa mafilimu umene sudziwika kwenikweni kwathu kuno. Awa amakonzedwa ndi ndalama zochepa, amajambulidwa m'misewu ndi m'makomboni a mizinda ikuluikulu, ndipo osewera ake kawirikawiri amakhala ana enieni ogona pakhonde la sitolo, ana oti sanapondepo m'kalasi.

Ena mwa mafilimu amenewa analandira mphoto zapamwamba padziko lonse, ndipo anachititsa manyazi maboma amene ankati m'dziko mwawo mulibe mwana wogona panja. Tsono funso limene tikufuna kulisanthula m'nkhani ino ndi ili: filimu ikatha, mphoto zikalandiridwa, alendo akalongedza kamera yawo, mwana uja amatsala ndi yani?

Kumene njirayi inayambira

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, dziko la Italy linali pa umphawi wadzaoneni. Malo aakulu ojambulira mafilimu mumzinda wa Rome, otchedwa Cinecittà, anali atasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Okonza mafilimu anasowa situdiyo, anasowa ndalama, motero anatulutsa kamera kunja n'kuyamba kujambula zimene maso awo ankaona mumsewu.

Mu 1946 bambo wina dzina lake Vittorio De Sica anatulutsa filimu yotchedwa Sciuscià. Imakamba za anyamata awiri opolisha nsapato mu Rome amene ankasunga ndalama kuti agule hatchi, koma anakodwa m'malonda a katundu wakuba natsekeredwa m'ndende ya ana, kumene ubwenzi wawo unathera. Anyamata osewera mufilimuyo sanali akatswiri, anali ana wamba.

Patapita zaka zinayi, mu 1950, Luis Buñuel anajambula Los Olvidados mumzinda wa Mexico City. Dzinali limatanthauza anthu oiwalidwa. Anthu apamwamba a ku Mexico anakwiya kwambiri, namati filimuyo ikunyozetsa dziko lawo, ndipo patangopita masiku ochepa inachotsedwa m'nyumba za kanema. Koma chaka chotsatira, mu 1951, Buñuel analandira mphoto ku Cannes, m'dziko la France, kumene kumachitika mpikisano waukulu wa mafilimu chaka ndi chaka. Pamenepo ndi pomwe a kwawo anailandiranso. Mu 2003 bungwe la UNESCO linaika filimu imeneyi m'kaundula wa zinthu zoyenera kusungidwa ngati chikumbutso cha dziko lonse.

Chifukwa chiyani ndalama zimakhala zochepa?

Munthu wa chuma akaika ndalama zake mufilimu amafuna zibwerere ndi phindu. Iye amadziwa kuti anthu akaweruka kuntchito atatopa amakonda kulipira zoseketsa kapena zankhondo. Ndi ochepa amene angatulutse ndalama kuti akaone mwana wanjala, poti mwana wotero amuona kale ulele panjira popita ku kanemako. Choncho wofuna kujambula nkhani ya ana a m'misewu amayenda khomo ndi khomo, kutola pang'ono ku wailesi ya kanema ya dziko lina, pang'ono ku thumba la boma, pang'ono kwa abale, mwinanso kupinyolitsa katundu wake.

Pofuna kuti ndalama zochepazo zikwane, pali zinthu zingapo zimene amachita. Choyamba, samanga nyumba zoyerekezera monga amachitira m'situdiyo, amajambula pamsika weniweni, padoko lenileni. Chachiwiri, amadalira kuwala kwa dzuwa m'malo mwa magetsi amphamvu ofuna jenereta ndi malole. Chachitatu, gulu la antchito limakhala lochepa, munthu mmodzi kugwira ntchito ziwiri kapena zitatu. Chachinayi, chimene chili chachikulu, salemba osewera otchuka, amatenga ana a pamalopo.

Njira imeneyi ili ndi zovuta zake. Mumsewu muli phokoso, kotero mawu ena amafunika kuwajambulanso pambuyo pake. Anthu odutsa amaima n'kumayang'ana kamera. Mwana wosadziwa kuwerenga sangaloweze mawu olembedwa papepala, ndiye pamafunika kumufotokozera nkhani mpaka alankhule m'mawu akeake. Ndiponso mwana wozolowera mseu sadziwa wotchi. Akhoza kubwera lero, mawa osaoneka, kapena kubwera atameta tsitsi, kapena ali ndi bala la ndewu ya usiku, pomwe dzulo anajambulidwa wopanda bala. Tsiku lililonse lotayika ndi ndalama zotayika.

Komabe phindu lake ndi lakuti nkhope ya mwana wotere siinama. Mayendedwe ake, kayang'anidwe kake, ngakhale momwe amagwirira chakudya, palibe katswiri angathe kuyerekeza.

Maliro a kalonga wa mumsewu

Mwa mafilimu onse a mtundu umenewu, imene ingakhudze kwambiri anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi Ali Zaoua, ya ku Morocco, imene inatuluka m'chaka cha 2000. Anaikonza ndi Nabil Ayouch, amene anabadwira ku Paris mu 1969, bambo ake ali a ku Morocco.

Nkhani yake imachitika padoko la Casablanca, mzinda waukulu koposa m'dzikomo. Anyamata anayi, Ali, Kwita, Omar ndi Boubker, achoka m'gulu lalikulu la ana a m'misewu lolamulidwa ndi mnyamata wankhanza dzina lake Dib. Ali ali ndi loto: akufuna kukhala mmalinyero ndi kupita ku chilumba chimene amati chili ndi madzuwa awiri. Koma filimu isanapite patali, gulu la Dib libwera kudzawabweza, miyala iyamba kuuluka, ndipo mwala umodzi ugunda Ali pamutu. Ali afa.

Apa ndi pamene nkhani yeniyeni ikuyambira. Anzake atatu aja abisa mtembo pafupi ndi doko. Safuna kuti mnzawo atoledwe ngati munthu wopanda mwini. Agwirizana kuti amuike m'manda mwaulemu, ngati mwana wa mfumu. Koma alibe ndalama, sadziwa mwambo wake, ndipo iwo eni ndi akapolo a guluu amene amanunkhiza kuti aiwale njala ndi kuzizira. Mmodzi ayesetsa kupeza zovala za mmalinyero zoti amuveke, wina apita kukafuna mayi ake a Ali koma alephera kuwauza zimene zachitika. Potsiriza amene awathandiza ndi msodzi wokalamba dzina lake Hamid, amene Ali ankayembekeza kuti adzagwira ntchito pa bwato lake.

Awerengi amene anaphunzira ku madrasa adziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Kusambitsa maliro, kuveka sanda, kuswalira janaza ndi kuika m'manda ndi udindo wa gulu lonse: ena akauchita, onse apepukidwa, koma pakapanda woutenga, mlandu ugwera onse. Mufilimuyi mzinda wa anthu mamiliyoni ukupitiriza malonda ake, ndipo udindo wa akuluakulu wasenzedwa ndi ana atatu anjala. Filimuyo siilalikira, koma woonera amadzifunsa yekha kuti akuluakulu a mzindawo anali kuti pamene Ali anali moyo.

Ayouch sanangofika ndi kamera tsiku limodzi. Anatha nthawi yaitali akuyenda ndi ana a m'misewu ya Casablanca mothandizidwa ndi bungwe lotchedwa Bayti, mawu a Chiarabu otanthauza nyumba yanga. Bungweli analiyambitsa ndi dokotala wa ana, mayi Najat M'jid, amene mu 2019 anasankhidwa kukhala nthumwi yapadera ya mlembi wamkulu wa United Nations pa nkhani za nkhanza zochitira ana. Ana osewera mufilimuyo anachokera mumsewu momwemo. Akatswiri anali ochepa chabe, monga Saïd Taghmaoui amene anasewera ngati Dib.

Mu 2001 Ali Zaoua inalandira mphoto yaikulu koposa ya FESPACO, mpikisano wa mafilimu a mu Africa umene umachitika ku Ouagadougou, m'dziko la Burkina Faso.

Mnyamata woperekera tiyi ku Bombay

Zaka 12 filimu ya ku Morocco isanatuluke, mayi wina wa ku India, Mira Nair, anali atachita zofanana ndi zimenezi. Filimu yake, Salaam Bombay!, inatuluka mu 1988, ndipo nkhani yake analemba ndi mnzake Sooni Taraporevala.

Imakamba za mnyamata dzina lake Krishna, amene mayi ake anamuuza kuti asabwerere kunyumba mpaka atapeza ndalama zokwana 500 rupees zolipirira njinga yamoto imene anaitentha atakwiyira mkulu wake. Krishna afika ku Bombay, mzinda umene tsopano umatchedwa Mumbai, nayamba ganyu yoperekera tiyi m'dera la mahule ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Asunga ndalama zake pang'onopang'ono m'kabowo ka khoma, koma mnzake amene ankamukhulupirira, kapolo wa mankhwala, amubera zonse. Ndalama zija sizikwana, ndipo kwawo sabwerera.

Asanayambe kujambula, Mira Nair anasonkhanitsa ana a m'misewu n'kuwachititsa maphunziro a sewero kwa masabata angapo, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa zisudzo Barry John. Ntchito yaikulu inali kuwaletsa kutengera makhalidwe okokomeza a mafilimu a nyimbo ndi magule amene anazolowera kuonera, kuti achite zinthu monga amachitira masiku onse. Ndalama zinachokera ku mbali zingapo, kuphatikizapo wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain ndi bungwe la boma la India lothandiza mafilimu.

Filimuyi inalandira mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 1988, imene imaperekedwa kwa munthu wokonza filimu yake yoyamba, ndipo inalowa m'gulu la mafilimu asanu a zinenero zakunja opikisana pa mphoto ya Oscar ku America. Mnyamata amene anasewera ngati Krishna, Shafiq Syed, analandira mphoto ya boma la India ya mwana wosewera bwino koposa.

Ana atatu, njira zitatu

Tsopano tiyeni tione zimene zinachitikira ana ena kamera itachoka.

Woyamba ndi Fernando Ramos da Silva wa ku Brazil. Iyeyu anachokera m'banja losauka la ku Diadema, kufupi ndi mzinda wa São Paulo, ndipo ali mwana anasankhidwa kusewera mufilimu ya Hector Babenco yotchedwa Pixote, ya mu 1980, yonena za ana ozunzidwa m'nyumba zosungira ana olakwa. Filimuyo inatchuka padziko lonse. Fernando anapatsidwa mwayi wosewera pa wailesi ya kanema, koma popeza kuwerenga kunkamuvuta, sanathe kuloweza mawu, ndipo ntchito inatha. Anabwerera kukomboni kwawo ali ndi dzina lotchuka koma m'thumba muli mbee. Anayamba kukodwa m'milandu, ndipo mu August 1987 apolisi anamuwombera n'kumupha ali ndi zaka 19. Apolisi anati ankalimbana nawo, koma abale ake anakana zimenezo. Moyo wake unatha monga momwe unkathera moyo wa ana a mufilimu ija.

Wachiwiri ndi Shafiq Syed uja. Atalandira mphoto yake anaganiza kuti makomo atseguka. Anayendayenda m'maofesi a okonza mafilimu ku Bombay, koma anangopeza mwayi mufilimu ina imodzi yodziwika, yotchedwa Patang. Kenaka anabwerera kwawo ku Bangalore, kumene patapita zaka atolankhani anamupeza akuyendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu kuti adyetse banja lake. Ntchito imeneyi si yonyozeka ayi, ndi thukuta lovomerezeka. Koma taganizirani mtima wa mnyamata amene anaomberedwa m'manja ndi akuluakulu a dziko, mawa lake n'kupezeka kuti palibe womukumbuka.

Wachitatu ndi Zain Al Rafeea, mwana wa ku Syria amene banja lake linathawira ku Lebanon chifukwa cha nkhondo. Anamupeza m'misewu ya Beirut, ndipo anasewera mufilimu ya mayi Nadine Labaki yotchedwa Capernaum, ya mu 2018. Nkhani yake ndi ya mnyamata wopanda chikalata cha kubadwa amene akusumira makolo ake kukhoti, mlongo wake wa zaka 11 atakwatitsidwa kwa munthu wamkulu n'kumwalira ndi pakati. Kuti filimuyi itheke, mwamuna wa Labaki, Khaled Mouzanar, anapinyolitsa nyumba yawo. Inalandira mphoto ku Cannes mu 2018, ndipo m'chaka chomwecho Zain ndi banja lake anasamutsidwira ku Norway kudzera m'bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Kumeneko anayamba sukulu.

Ana atatuwa onse anali ndi luso, onse anatchuka. Chimene chinasiyanitsa mathero awo si mphoto, chifukwa mafilimu onse atatu analemekezedwa. Fernando anagwa chifukwa chosadziwa kuwerenga ndi kusowa womugwira dzanja. Shafiq anapulumuka chifukwa anapeza ntchito ya manja ake. Zain anathandizidwa pamodzi ndi banja lake lonse, napatsidwa sukulu. Phunziro lake ndi loonekeratu: kutchuka kwa chaka chimodzi sikulera mwana. Chimalera mwana ndi banja, sukulu ndi luso loti adzadyere.

Amene sanachoke ndi kamera

Tisaweruze okonza mafilimu onse ngati anthu odyera pa umphawi wa anzawo. Ena anazindikira kuti ali ndi ngongole kwa ana aja.

Kuchokera pa ndalama za Salaam Bombay! panakhazikitsidwa bungwe la Salaam Baalak Trust, limene mayi ake a Mira Nair, a Praveen Nair, anali m'gulu la oliyambitsa. Bungweli linatsegula malo ogona, ophunzirira ndi olandirira chithandizo cha mankhwala a ana a m'misewu ku Delhi ndi ku Mumbai, ndipo ana zikwizikwi adutsamo. Filimu ya maola awiri inabala ntchito ya zaka makumi atatu ndi kupitirira.

Nabil Ayouch naye anabwereranso. Pa 16 May 2003 mzinda wa Casablanca unagwedezeka ndi mabomba amene anapha anthu 33, osawerengera anyamata 12 amene anadziphulitsa. Anyamatawo anachokera ku Sidi Moumen, komboni ya zisakasa za malata kunja kwa mzindawo. Mu 2012 Ayouch anatulutsa filimu yotchedwa Les Chevaux de Dieu, yochokera m'buku la Mahi Binebine, yosonyeza momwe ana okulira pa dzala la zinyalala, opanda sukulu ndi ntchito, ananyengedwera ndi anthu opotoza chipembedzo amene anayamba ndi kuwapatsa chakudya, ulemu ndi chitetezo chimene sanachipeze kwina kulikonse. Filimu imeneyi ndi chenjezo kwa kholo lililonse: mwana amene ife tamutaya, alipo wina amene adzamutole, ndipo sitidziwa kuti adzamutolera chiyani.

Mu 2014 Ayouch ndi Binebine, kudzera m'bungwe limene analitcha dzina la Ali Zaoua, anatsegula malo ophunzitsira achinyamata ku Sidi Moumen komweko, kumene ana amaphunzira zinenero, zisudzo, nyimbo ndi zojambula. Mu 2021 achinyamata a pamalo amenewa anasewera mufilimu ina ya Ayouch, Haut et Fort, imene inapikisana nawo ku Cannes.

Eni nkhani agwira okha kamera

Mafilimu amene tatchulawa anakonzedwa ndi anthu ophunzira, ochokera kunja kwa komboni. Ngakhale akhale a mtima wabwino chotani, mlendo amaona zimene zamudabwitsa, ndipo oonera a ku Ulaya amene amapereka mphoto nthawi zina amakonda kuona Africa ndi Asia wa misozi yokhayokha. N'chifukwa chake ena amadandaula kuti umphawi wasanduka malonda. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini komboni amadziwa njala, inde, koma amadziwanso nthabwala, maukwati, mpira wa madzulo ndi mayi wogulitsa mandasi amene waphunzitsa ana asanu.

Kutsika mtengo kwa makamera ndi makompyuta kwasintha zinthu. Ku Kampala, m'komboni ya Wakaliga, Isaac Nabwana anayamba kukonza mafilimu pakhomo pake, pogwiritsa ntchito makompyuta olumikiza yekha ndi mfuti zoseweretsa zowotcherera ku zitsulo zotayidwa. Filimu yake ya mu 2010, Who Killed Captain Alex?, akuti inadya ndalama zosapitirira madola 200 a ku America, koma inaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa intaneti. Ndi yankhondo ndi nthabwala, koma osewera ake ndi anthu a m'komboni momwemo, ndipo nkhani akusankha ndi iwo eni.

Ku Kenya, mu 2012, kunatuluka Nairobi Half Life, yotsogoleredwa ndi David Gitonga, imene inabadwa m'maphunziro a achinyamata okonza mafilimu othandizidwa ndi Tom Tykwer wa ku Germany. Imakamba za mnyamata wa kumudzi, Mwas, amene apita ku Nairobi kukafuna ntchito ya zisudzo, aberedwa zonse tsiku loyamba, natsirizira m'gulu la mbava. Aliyense amene anatumizapo mwana kutauni kapena ku Joni ndi chikwama chimodzi adzaimva nkhani imeneyi mumtima.

Kwathu kuno nako ntchito ilipo. Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, yonena za msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene nsomba zamuchepera, mwana wake n'kukopeka ndi moyo wotsatira alendo odzaona nyanja. Mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, yonena za amayi awiri ovutika m'makomboni a Blantyre. Imeneyi inapambana mphoto ya filimu yabwino ya kumwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic mu 2018, ndipo inali filimu yoyamba imene dziko la Malawi linatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Tinene mosabisa kuti mafilimu ambiri amene tatchula muno si oonera pamodzi ndi ana aang'ono. Muli mawu otukwana, nkhanza ndi zina zosayenera maso a mwana, poti akusonyeza moyo wa mumsewu monga ulili. Kholo liyambe laona lokha, kenaka liganize ngati mnyamata kapena mtsikana wake wamkulu angapindule nayo.

Koma nkhaniyi ikutikhudza mwa njira inanso. Lero foni ya m'manja ndi kamera, ndipo achinyamata athu ambiri akujambula timasewero ndi kutiika pa Facebook ndi YouTube. Ena amajambula ana opemphapempha, agogo osauka kapena odwala misala, namati akufuna kuwapezera chithandizo. Enanso ndi alendo ofika pamudzi ndi makamera, kupempha kuti ajambule ana athu. Tisanalole, kapena mwana wathu asanajambule mwana wa mwini, pali mafunso oyenera kufunsa.

Kodi kholo kapena womuyang'anira mwanayo wavomera, atamvetsa bwino kumene chithunzicho chikaonetsedwe? Chinthu chikalowa pa intaneti sichibwezedwa, ndipo mwana wojambulidwa lero akulira ndi njala adzachipeza akadzafuna ntchito kapena banja.

Kodi mwanayo alandira chiyani, ndipo asunga ndani? Ndalama yopatsidwa m'manja mwa mwana wa mumsewu imatha usiku womwewo, kapena kulandidwa ndi akuluakulu a gulu lake. Ndi bwino ipite ku fizi, yunifolomu kapena maphunziro a ntchito ya manja, pogwirizana pamaso pa mboni.

Kodi kujambulako kumuchotsa mwana m'kalasi? Kumbukirani Fernando, amene anadziwika dziko lonse koma analephera kuwerenga pepala limene likanamupatsa ntchito.

Kodi walonjezedwa chiyani? Kuuza mwana kuti adzakhala wotchuka ndi wolemera pamene ukudziwa kuti sabata yamawa ukupita ndi kumunamiza. Auzidwe zoona kuyambira pachiyambi, kuti iyi ndi ntchito ya masiku owerengeka.

Ndipo funso lomaliza: patatha chaka, ndani adzabwere kudzamuona?

Kwa achinyamata amene muli ndi chidwi ndi luso limeneli, musagwe mphwayi chifukwa chosowa ndalama. Nabwana analibe sukulu ya mafilimu. Nkhani zili pomwe mulipo: mnyamata wosiya sukulu kukakoka khoka usiku, mtsikana wotengedwa kukagwira ntchito ya m'nyumba kutauni, ana odikira bambo amene anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo. Yambani ndi kumvetsera kwa nthawi yaitali musanatulutse kamera, monga anachitira Ayouch ndi Mira Nair. Musonyeze munthu ndi ulemu wake, kuti iye mwini akadzaona asadzagwetse nkhope pansi.

Kwa ife tonse, tisadikire kuti mlendo abwere ndi kamera ndiye tizindikire ana ogona padepoti ya mabasi kapena pansi pa mabenchi a msika. Aliyense wa iwo ali ndi dzina, ali ndi mudzi, ali ndi amalume ndi azakhali kwinakwake. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anzake a Ali anamulemekeza atafa chifukwa ndi zokhazo zimene akanatha, poti anali ana. Ife akuluakulu tili ndi mwayi woposa pamenepo: tikhoza kumufunsa mwana dzina lake, kufufuza kwawo ndi kumubwezera kusukulu akadali moyo.